Msoko wa Atate

Anakabweretsa mochita kukoka, Lachiwiri, mvula ikuwaza,
kathirakitala kamene kale kanali kofiira,
tayala lakumanzere litagwera mkati
ngati bondo la munthu woyenda mitunda.
A Kanyika, olima kabichi ku dambo la Lunyangwa,
anati kayamba mwano:
ukakhotetsera kumanja, iko kamapita kumene kafuna.

Ndinaika jeke pa thabwa,
poti dothi la ku Luwinga likanyowa silisunga pangano.
Njerwa zinayi pansi pa chifuwa chake.
Ndinalowa chagada pa katoni,
madzi akunditsikira m'khosi.

Pamene ekiselo imakolekedwa ku thupi
bowo la pini linali litasanduka dzira.
Bawuti imodzi yoduka mutu,
inzake yomangidwa ndi waya wa mpanda,
girisi wouma gwa ngati ndowe za chaka chatha,
ndi mng'alu woonda ngati ulusi
wotsika kuchokera pa ngodya.

Ndinapala dzimbiri ndi burashi ya waya.
Kenaka ndinaleka.

Pambali pa mng'aluwo panali msoko wakale,
mamba ake atagona kuchokera kumanja kupita kumanzere,
kumapeto kamchira kopindika.
Mu Mzuzu monse munali munthu mmodzi wowotcherera motero,
wamanzere, wa chifuwa chosatha,
amene tinakamuika ku Zolozolo zaka zisanu ndi zinayi zapitazo.

"Anakonza apa ndani?"
"Msowoya," anayankha mkuluyo. "Bambo ako, Temwa.
Iwe unkawagwirira tochi uku ukusinza."
Tochiyo sindikuikumbukira.

Msoko wawo sunagonje.
Chitsulo ndicho chinatopa pambali pake.
Koma kuti ndifike pa muzu wa mng'alu
ndinayenera kuupera wonse.

Magetsi anandimvera chisoni, anathima.

Tinakhala pa matayala akutha, tiyi m'manja,
chifunga chikumeza mitengo ya paini.
Vitumbiko anapalasa njinga mpaka m'tauni,
sitolo ndi sitolo, pini yakale m'thumba.
Ena anamuseka, ena anati yesani ku Dar,
wina anati zoterezi zinapita ndi eni ake.
Anabwera ndi shafuti ya chigayo chakufa
ndi chidutswa cha sipuling'i ya lole.
A Kanyika ankasisita chiuno chawo.
"Nanenso pini yanga yadyeka pomwepo," anatero,
"koma ine mulibe jeke wondikweza."

Cha m'ma folo babu linaphethira.
Ndinagwira gulayinda.
Mbaliwali zinathethekera pa ovolosi yanga,
ndipo dzanja la atate linapita mamba limodzilimodzi
mpaka panatsala chitsulo choyera mbee,
chopanda dzina la munthu.
Maso ankayabwa. Ndinauza Vitumbiko kuti ndi fumbi.

Ndinaboola kabowo pamene mng'alu unathera
kuti usapitirire ulendo.
Ndinadzaza. Ndinaika chigamba cha sipuling'i.
Dzira lija ndinalibweza likhale mwezi wathunthu,
pini yatsopano inalowa ndi nyundo katatu.

Pomanga nati sipanala inaima yokha m'manja mwanga.
Mawu aja, pakati pa kutsokomola:
ukamanga, bweza pang'ono.
Ekiselo isiyire malo ovinira.
Munda si tebulo;
chimene chakana kupendama chimathyoka.

Ndinabweza pang'ono.

Kanalira pa chingwe chachitatu, utsi wabuluu tolo.
Mkuluyo anazungulira mtengo wa mapeyala kawiri,
kumanja, kumanzere, kakumvera.
Analipira theka.
Theka lina akuti lili m'munda, likukulunga mitu.

Asanapite ndinagwadanso ndi tochi ya foni.
Msoko wanga unali ukadali wofunda,
wonenepa pakati, pamene dzanja linanjenjemera.
Kumapeto kwake, osadziwa ndinakaika liti,
kamchira,
koma koyang'ana kwina.